Nyemba Khumi za Nambewe

Bwerani pafupi, ana inu, musandikhalire patali ngati ndili ndi mphere. Iwe Yamikani, foniyo ilowe m'thumba, siithawa. Tadala, mkazi wanga wamng'ono, kokera kuno lichero la mtedzalo, manja aziswa makutu akumva. Musaganize kuti nkhaniyi yangondibwerera chifukwa cha ukalamba. Galu wamkota sakandira pachabe.

M'mawa muja bambo anu anabwera ndi kalata ija analemba adokotala, yoti ndipite kuchipatala chachikulu m'tauni akandichotse chotupa chili m'mimbamu mvula isanagwe. Ine ndinati, "Musavutike nane, ndakalamba. Zimenezo siyirani ana." Bambo anu anati, "Chabwino bambo, tamva," n'kunyamula khasu ulendo wa kudimba. Inu awiri munali pomwepo. Ndinaona mapewa anu akutsika ngati a munthu amene watula thumba la feteleza. Usapukuse mutu, Tadala. Maso angawa afooka, koma mapewa ndimawaona.

Tsono mverani mmene ife tinaleredwera.

Kwathu ku Nambuma, ndisanabwere kuno kudzakhala chikamwini, akapha nkhuku nthutumba inkapita m'mbale ya munthu wamkulu. Wamkuluyo sankangoitola ayi. Ankaikankha n'kunena kuti, "Patsani ana." Eni nyumba ankati, "Iyayi, imeneyo ndi yanu." Iye ankakananso, "Ine mano anatha kale." Iwo n'kumati, "Idyani ndithu, ana adya zawo." Kachitatu ndiye ankaitenga n'kuinyema, kachidutswa kwa mwana amene wakhala pafupi, kotsalako m'kamwa mwake. Aliyense ankadziwa kumene nkhaniyo ithere isanayambe n'komwe. Ntchito ya wamkulu inali kukana, ya wamng'ono kukakamiza. Mwana amene ankamva "patsani ana" n'kutambasula dzanja ankalandira khofi loti alikumbukire mpaka kumera imvi. Ine ndinalandirapo limodzi kwa amalume anga, ndipo khutu ili limalirabe kukazizira.

Sizinali za nkhuku zokha. Mpando, chipanda cha thobwa, ngakhale malo pa ngolo, zonse zinkayenda motero. Paja inu mwandipeza ndili wa ndodo, simudziwa kuti ndinali mwini ngolo, ya matayala a galimoto, ndi ng'ombe ziwiri, Bulaki ndi Sitima. Sitima anali waulesi ngati Yamikaniyu, koma pa matope ankakoka. Nthawi ya fodya ndinkanyamula mabelo, nthawi ya kukolola chimanga ndi mtedza, koma chaka chonse ambulansi ya midzi ino ndinali ine. Munthu akadwala ankandithamangira, ine n'kumanga goli, n'kuyala udzu ndi mphasa. Mphasayo inali imodzi. Odwala akakhala awiri, ankagonapo ndi amene wafooka kwambiri, winayo n'kutsamira pa thabwa. Sindinafunsepo munthu chaka chimene anabadwa. Ndikanafunsa, ankachidziwa ndani? Amayi anga ankangoti ndinabadwa chaka cha dzombe, mawere atayamba kucha. Lero mumakweza wodwala pa njinga yamoto, pakati pa anthu awiri ngati mbuzi yopita kumsika, ndiye mumati chitukuko. Chabwino, imafika msanga, sindikana.

Zipani zitachuluka, kunachulukanso magalimoto oyera. Lililonse linkabwera ndi mafunso ake. Mumadya kangati, chimbudzi muli nacho, ana muli nawo angati. Mayankho athu ankakwera nawo galimoto, ndipo sindinaonepo limodzi likubwerera. Ine ndinkawakayikira onse, koma poti ndinali mkulu wa mpingo, akafuna anthu ankadzera kwa ine, ndipo ndinkavala jekete n'kukawakonzera mabenchi.

Limene ndikunenali linabwera nyengo yozizira, titamaliza kugulitsa fodya. Munatuluka mtsikana wovala magalasi ndi bambo wina wonyamula buku lalikulu. Anaitanitsa ife akuluakulu tokhatokha, amuna ndi akazi, pansi pa mtengo wa mango uja uli kuseri kwa tchalitchi. Mtsikanayo anayala mbale zinayi za pulasitiki, iliyonse ndi chithunzi chake. Ina ya khanda, ina ya mwana wa sukulu, ina ya munthu wa mphamvu zake atanyamula khasu, yomaliza ya nkhalamba yogwira ndodo. Kenaka aliyense anamupatsa nyemba khumi m'manja.

"Makolo anga," anatero, "odwala ndi ambiri koma mankhwala ndi ochepa. Tiyerekeze kuti nyembazi ndi chuma chimene chaikidwa kuti chithandize odwala. Muziike m'mbale ya amene mukufuna kuti aziyamba kuthandizidwa. Palibe yankho lolakwa."

Mawu omalizawo sanandikhalire bwino. Munthu akakuuza kuti palibe yankho lolakwa, nthawi zambiri yankho ali nalo kale m'thumba.

Anayamba a Mwale, mkulu mnzanga, amene panthawiyo miyendo inali itawatupa moti nsapato zinkawakana. Anathira nyemba zonse m'mbale ya khanda nati, "Patsani ana, ife tadya kale." Ndiye anamuyang'ana mtsikana uja, kudikira. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. Inenso ndinathira zanga m'mbale ya mwana wa sukulu, ndikutsokomola pang'ono kuti anthu aone. Tonse tinkadziwa chotsatira. Mwana wa anthu uja adzuka, agwada, anena kuti, "Iyayi makolo, nanunso ndinu anthu," ife tikananso, kenaka tigawana nyembazo bwinobwino.

Otsiriza anali agogo anu aakazi, Nambewe. Iwe Yamikani sukuwakumbuka, unali khanda loberekedwa kumbuyo. Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, wogulitsa thobwa ndi zitumbuwa pamsika wa Nsaru. Sikelo ya venda sankaikhulupirira mpaka ataikapo mwala wawo umene ankayenda nawo m'chitenje. Anadzuka, kuyang'ana mbale zonse zinayi, n'kukhuthulira nyemba zonse khumi m'mbale ya nkhalamba. Zinalira kuti khwaa, poti munalibe kanthu.

Amayi anzawo anagwira pakamwa. Wina anati, "Aa, Nambewe, manyazi mulibe kodi?"

Iwo anati, "Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mtsikanayu mwamuyang'anitsitsa, inu? Sakudziwa zokana ameneyu. Mnzakeyo akungolemba. Anawa sanadyepo nkhuku ndi agogo awo."

Ana inu, nkhope yanga inatentha. Mkazi wa mkulu wa mpingo, pamaso pa alendo, kudzisungira nthutumba! Ndinadzuka, n'kutola nyemba zija imodziimodzi m'mbale ya nkhalamba, n'kuziika m'mbale ya khanda. Ndinati, "Pepani achemwali, mayiwa amakonda nthabwala." Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. Nambewe anangondiyang'ana osanena kanthu. Munthu amene ankalongolola ngakhale ndi nkhuku, kukhala chete kwake kunali koopsa.

Mtsikana uja anawerenga nyemba, bambo uja analemba. Kenaka anati, "Zikomo kwambiri makolo. Zandikhudza kuona kuti ngakhale inu eni ake mwasankha ana." Anatipatsa fanta aliyense botolo lake, anasonkhanitsa mbale, ndi nyemba zomwe anatenga, galimoto n'kuliza. Ife tinatsala pamabenchi, mabotolo m'manja, tikuyang'ana fumbi. Patapita kanthawi a Mwale anafunsa chapansipansi kuti, "Kodi abweranso kudzatifunsa kachiwiri, eti?"



Panjira yobwerera Nambewe anali patsogolo, ine pambuyo. Titafika pa mtsinje anatembenuka, n'kundiitana ndi dzina la bambo anu, nati, "Abambo a Lemekezani, nyemba zanga mwazipereka ndi dzanja lanu. Muzikumbukira."

Ine ndinati, "Ndi masewera chabe amenewo, amayi."

Anati, "Masewera amalemba m'buku?"

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuona zinthu zimene kale sindinkaziona. Ukafika kuchipatala, wolemba wa kumeneko akatsegula kabuku kako diso lake limayamba lagwera pa chaka chobadwa, kenaka ndiye amakuyang'ana kumaso. Ukuti chiyani, Tadala? Amaona zaka kuti adziwe mlingo wa mankhwala? Ndi zimene akukuphunzitsani kusukulu ya unamwinoko? Mwina n'zoona. Koma undiuze, mlingo wa panado ndi wovuta chotani kuti ufune zaka? Mwana akadwala amamuyeza magazi. Nkhalamba ikadwala amaiyeza ndi maso, n'kuiuza kuti, "Umenewo ndi ukalamba, agogo." A Mwale anamva mawu amenewo maulendo ambirimbiri mpaka tinawaika m'manda. Buku la bambo uja sindinalionenso, ndipo sindinganame kuti ndikudziwa kumene linathera. Mwina linadyedwa ndi chiswe mu ofesi ina. Mwinanso akuluakulu ena analiwerenga n'kunena kuti, "Onani, eni ake avomera." Ine ndimakayikira basi, ndipo kukayikira sakulipiritsa msonkho.

Panadutsa mvula zingapo. Chaka chimene ndikunenachi, chimanga chitayamba kumasula, Nambewe anayamba kufooka. Munthu amene ankasenza ndowa ya thobwa mpaka pa Nsaru osatula anayamba kupumira panjira yopita kuchitsime. M'manja munayera, m'maso munayera. Ankati ndi kutopa kwa kupalira, koma tsiku lina anagwa pakhomo pa khitchini. Sitima anali atafa kale, ndinabwereka ng'ombe ya mlamu wanga n'kuimanga ndi Bulaki. Mphasa imene ndinagonekapo anthu a midzi yonse ino, tsiku limenelo ndinagonekapo mkazi wanga. Msewu unali matope okhaokha. Tinanyamuka dzuwa likutuluka, tinafika lili pamutu.

Chipatalacho sindichitchula dzina, ndipo anthu ake sindiwanenera zoipa, anali otopa ngati ife tomwe. Inali nyengo ya malungo. Ana anadzaza chipinda chawo mpaka ena anawagoneka kuchipinda cha amayi, pansi, pakati pa mabedi. Atawayeza Nambewe, achipatala anati magazi awathera, akufunika kuwonjezera msanga. Ine ndinapinda mkono wa malaya ndinati, "Chotsani anga, ndi ambiri." Namwino anandifunsa zaka, ndinamuuza zimene zinalembedwa pa chitupa. Anati, "Pepani agogo, zaka zanu zapitirira, sitichotsa." Mukumva? Wokalamba kulandira n'kovuta, kupereka n'koletsedwa. Bambo anu panthawiyo anali ku esiteti ya fodya ku Mchinji. Uthenga unapita, koma sakanafika tsiku lomwelo.

Pafupi ndi bedi la Nambewe panali mayi wina wachitsikana wochokera cha ku Kasiya, ndi mwana wake wamwamuna wa zaka mwina zitatu. Mwanayo sankalira n'komwe, ankangopuma mofulumira ngati kankhuku konyowa. Nayenso m'maso munali mutayera.

Dzuwa litapendeka anabwera dokotala, mnyamata wamtali, kolala yothothoka. Anaima pakati pa ife ndi mayi uja, maso ali pansi. Anati, "Makolo, ndinene chilungamo. Magazi oyenera awiriwa latsala thumba limodzi. Ena abwera ndi galimoto mawa kapena mkuja, msewu ukalola. Onse awiri akuwafuna lero."

Ine mumtima ndinati, kamwana kameneka kangamalize thumba lonse? Bwanji osanyema, ngati nthutumba? Ndikudziwa, Tadala, unandiuza kale kuti thumba likatsegulidwa siligawidwa mwachisawawa. Ndinamva. Koma tsiku limenelo palibe anandifotokozera, ndipo ine sindinafunse.

Nambewe anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kuyang'ana mwana uja. Mayi yemwe uja wa nyemba khumi m'mbale ya nkhalamba. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Patsani mwana."

Atatero anayang'ana ine. Osati dokotala, osati mayi uja. Ine.

Ana inu, chimene maso aja ankafuna ndinachidziwa pomwepo. Iwo anali atachita mbali yawo, yokana. Mbali yotsalayo inali yanga. Ndinayenera kunena kuti, "Iyayi, adokotala, mkazi wangayu nayenso ndi munthu. Wabereka, walera, wadyetsa mudzi. Yambani ndi iyeyu." Mawuwo anali pakhosi pano. Koma mayi wa mwana uja ankandiyang'ana misozi ili mbwembwembwe. M'chipindamo munali amayi ena a mumpingo mwathu odzadikirira odwala awo, ondidziwa kuti ndine mkulu wawo. Ndipo ndine ndemwe ndinatola nyemba zija imodziimodzi anthu akuomba m'manja. Ndikananena bwanji? Ndinaganiza kuti dokotalayo ndiye akane m'malo mwanga, poti ndi mwana wa Achewa ngati ife.

Iye anati, "Zikomo kwambiri agogo, Mulungu akudalitseni." Pafupifupi mawu omwe aja a mtsikana wa magalasi.

Namwino atabwera ndi thumba lija anadutsa pafupi ndi ine. Sukulu ndinalekezera sitandade 4, koma dzina la mkazi wanga ndimalidziwa likalembedwa. Pa kapepala ka pathumbapo panali patalembedwa kale dzina, ndipo silinali lake. Inki inali youma. Ndiye mundiuze, inu ophunzira. Analemba liti? Ngati anali atasankha kale, anatifunsiranji? Tadala ukuti mwina analemba ali kukhomo, atangotuluka. Mwina. Ine ndimati anafuna kuti mawuwo atuluke m'kamwa mwathu, kuti iwo akagone bwino, monga anachitira a nyemba aja. Ndipo ife, ndi ulemu wathuwu, tinawapatsa kawiri konse.

Mmawa mwake galimoto silinabwere. Ndinawaphikira phala kukhitchini ya odikirira odwala, ine mwamuna ndekha pakati pa amayi, koma anangolawa. Dzuwa litakwera pang'ono anandikodola kuti ndiwerame. Mawu aakulu aja anali atatha, anatsala a mphepo.

Anati, "Abambo a Lemekezani, mukanangonena kamodzi."

Ndinati, "Amayi, mwana uja..."

Anati, "Ndikanakanabe. Mwanayo ndinamupatsa ndi mtima wonse. Koma ndikanamva."

Anatisiya dzuwa lisanafike pamutu. Bambo anu anafika masana, matope mpaka m'mawondo, mkono wa malaya atapinda kale. Agogo anu tinawabweretsa kuno pa ngolo yomweyo, pa mphasa yomweyo. Kuchokera tsiku limenelo sindinamangenso goli, Bulaki ndinamugulitsa.

Musandimve molakwa. Mwana uja sindimuda, ndipo atabwera dokotala lero kudzandifunsa za inu ndi ine, ndinganene zomwezo ananena Nambewe. Pamene tinkachoka anali atayamba kulira ndi kufuna bere, ndiye ndikhulupirira anachira. Dzina lake ndinaliwerenga pa thumba lija koma linandithawa. Pano ayenera kuti ndi bambo wa ndevu zake. Nthawi zina wa kabaza akandiimbira huta pa Nsaru n'kukuwa kuti, "Madala, chokani pamsewu!" ndimamuyang'anitsitsa n'kumati mwina ndi ameneyu, akuyendera magazi a mkazi wanga. Chimene chimandiwawa si mwanayo ayi. Chimandiwawa n'chakuti mayi amene ndinakhala naye kuyambira ndili mnyamata anapita osamva munthu ndi mmodzi yemwe akumulimbira. Anthu onse anamuthokoza, palibe anamukaniza.

Masiku ano ndimamva pa wailesi akufunsana zomwezi, ayambe ndani, ana kapena okalamba. Oimba mafoni amayankha molimba mtima, ambiri mawu awo ndi a anthu amene bondo silinayambe kuwawawa. Nkhalamba ikaimba imati, "Ayambe ana, ife tatha," woulutsa n'kunena kuti, "Mwamva nokha, agogo anena." Ine ndimaloza wailesiyo ndi ndodo. Afunseninso, inu! Nkhalamba ikanena kuti yatha, sikuti yatopa ndi moyo. Ikufuna imve ngati alipo amene akuifunabe.

Tsono tabwerera pa za m'mawa zija. Sindikudziwa ngati opaleshoniyo ndikaipeze. Mwina kumeneko akatsegula kabuku kanga, akaona chaka, akandiuza kuti ndibwerenso mwezi wa mawa mpaka miyezi ithe. Mwinanso ndikaona kamwana kali pamzere kumbuyo kwanga ndikapatuka ndekha. Zimenezo ndi zanga. Koma kufa ndikuopa, ana inu, ndinene poyera. Ndikufuna ndidye chimanga chachiwisi cha chaka chino. Ndikufuna ndione Tadala atavala zoyera zake, andibaye jakisoni ndimukalipire. Ndikufuna ndione mkazi amene adzalole kukwatiwa ndi foni ya Yamikani.

Usalire, Tadala, mtedzawo unyowa. Ndipo musayankhe inu, mbali imeneyi si yanu. Ndi ya mwana wanga, amene ndinamulera ndekha osamuphunzitsa, poti nanenso pa tsiku lake ndinalephera.

Bambo anu aweruka kudimba dzuwa likapendeka. Muwachingamire panjira, muwauze kuti madala aja akana kamodzi kokha. Kalata ija sindinang'ambe, ili pansi pa Baibulo. Nsapato ndapukuta kale.